Msonkho wa Chiponde Chimene Sitinagaye

Maganizo ochoka mu Kalingalinga, komboni yathu, anandifikira tsiku limene a zaumoyo anabwera kudzaona malo amene tinkagayira chiponde. Anali mayi wamfupi wa magalasi, ndipo mpando umene amama anawapatsa sanaukhalire n'komwe. Anayang'ana kamakina kathu pa thebulo, anayang'ana matumba a nshawa, mtedza wa ku Katete, kenako maso awo anakaima pa matiresi amene ndinawaimika kukhoma.

"Apa pagona ndani?"

"Ndine," ndinatero.

"Iyayi mwana wanga. Vakudya vogulisa sivipangiwa mu chipinda chogonamo munthu. Pafunika chipinda chake-chake, cha matailosi, cha sinki na windo ya sefa. Mukamanga muzatiitane."

Sanalankhule mwachipongwe, ndipo sananame. Koma atatuluka pageti ndinakhala pa thumba la nshawa n'kulira ngati kamwana. Shopu ina yaikulu m'tauni inali italawa chiponde chathu, inachikonda, ndipo inkafuna mabotolo sabata ndi sabata. Inkangodikira mapepala basi. Atatu tinali nawo kale: satifiketi ya dzina la bizinesi, nambala ya msonkho imene aliyense amaitcha tipini, ndi lisiti la levi ya kanselo. Pepala lachinayi, la zaumoyo, linkafuna chipinda, ndipo chipinda chinkafuna ndalama imene timabotolo togulitsa pageti sitikanaibweretsa ngakhale tikanagaya mpaka Yesu kubwera. Tsiku lomwelo ndinauza amama kuti ndipita ku Joni. Zaka ziwiri chabe, ndimange chipinda, ndigule makina aakulu, ndibwere.

Amama sanaleke kupeta nshawa zawo. "Ukundifunsa kapena ukundiuza?"

"Ndikukuuzani."

"Ndiye ndamva."

Ine ndine Esnart, mwana mmodzi yekha amene amama anatsala naye. Atate anamwalira ndili giredi seveni. Bizinesi tinailembetsa m'dzina la amama n'kuitcha Amake Esnart Chiponde, poti ndi mmene komboni yonse inkaitchulira kale. Nyumba inali yawo, luso lokazinga nshawa kuti zifiire popanda kupserera linali lawo, ndipo kwathu mwana saika dzina lake pageti amake ali moyo. Luso langa linali pakamwa, kunyengerera makasitomala ndi kulimbana ndi ogulitsa mabotolo kumsika.

Koma pakamwa pangapo pankathera pakhomo la ofesi. Giredi twelofu ndinamaliza, Chizungu ndimachimva bwinobwino, koma ndikangoona mzere wa anthu a mataye atanyamula mafaelo, ndinkatembenuka n'kubwerera. Ndiye mapepala onse anatiyendetsera ndi ba Chanda. Iwowa anali ndi kantemba, kashopu kakang'ono, pafupi ndi pokwerera mabasi, ka kompyuta imodzi ndi fotokope, ndipo pachitseko analembapo kuti amathandiza za msonkho. Theka la komboni linkapita kumeneko. Ankavala malaya oyera osita bwino, ndipo amama akafika ankaimirira n'kuwapatsa mpando wawo. Pasiwedi yolowera ku za msonkho wathu anasunga okha. Ine sindinafunse n'komwe kuti m'katimo mumalembedwa chiyani. Amati safunsa anadya phula, koma phula langa anandidyera ndi munthu wina.

Pa sitesheni, basi italiza kale injini, ndinagwira amama dzanja n'kuwasiyira mawu awa: "Amama, chilichonse chimene ba Chanda anena, muzichita. Dzina lisafe. Ndikabwera ndidzalipeze."

"M'dzinali muli iwe, muli ine," anatero. "Ndingalitaye bwanji? Kwera, akusiya."

Akulu amati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Ine ndinasiya mlomo, ndipo pobwera ndinaupeza.

Zaka ziwiri zija zinakhala zisanu ndi chimodzi. Chaka choyamba ndinkasesa tsitsi mu saluni ya mayi wina amene ankalipira akakumbukira. Kenako ndinapeza ntchito yosamalira agogo ena achizungu, amake a bwana wanga. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Anali ndi kabokosi ka mapilisi ka tizipinda tisanu ndi tiwiri, Mande mpaka Sondo, ndipo bwana anandiuza tsiku loyamba kuti ndikadzangodumphitsa pilisi limodzi ndidzanyamule chikwama. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinadumphitsepo ngakhale limodzi. Ndinkaima pambali mpaka atameza, n'kuwauza kuti ayasamule ndione. Ankanditcha Esther. Ndinawakonza kawiri, kachitatu ndinangoyankha.

Kusungulumwa kwa ku Joni sindinakuuzepo munthu pa foni, chifukwa amene uli kunja suloledwa kudandaula. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. M'takisi ndinkakhala duu, poti ukangotsegula pakamwa adziwa kuti si iwe wa kumeneko. Posamba ndinkadzilankhulira ndekha Chinyanja kuti lilime lisaume. Ndinakhalapo miyezi isanu ndi mwamuna wina wa kwathu, wa ku Chawama, osati chifukwa chomukonda, koma chifukwa ankandifunsa kuti "wadya?" m'chilankhulo changa. Masiku a mu pasipoti anali atatha kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku limene ndidzatuluke pa boda sadzandilolanso kulowa. Ndiye Khisimasi iliyonse ndinkati chaka chamawa, amama, chaka chamawa.

Malipiro ndinkawadula patatu. Gawo lina langa, lina ndinkatumiza kwa mmisiri womanga chipinda, lachitatu kwa amama, la chakudya, la msonkho ndi la mankhwala. Amama anali ndi matenda othamanga magazi, bipi, kuyambira atate atamwalira. Kukiliniki ankawapatsa mapilisi, koma akakhala kuti atha ankawalembera kapepala kuti akagule okha.

M'chaka chachiwiri kamakina kathu kanapsa. Malaiti anabwera mwamphamvu atazima tsiku lonse, kamakina n'kutulutsa utsi. Ndinauza amama kuti asadzivutitse, apume, makina aakulu akubwera.

"Nanga za msonkho?" anandifunsa. "Popeza sitikugulitsa?"

Ndinaimbira ba Chanda. Mawu awo anali ofewa ngati kale. "Sisi, boma siziba vakuti makina yafa. Mukaleka chabe kulipila, dzina bazaichosa mu kompyuta, elo munthu winangu azaitenga. Manje mukabwela muzayambila pati?"

Ndinachita mantha. Ndinaona m'maganizo mabotolo a munthu wina ali pa shelefu ndi dzina la amama. Ndinati pitirizani, ba Chanda. Kuchokera pamenepo mwezi uliwonse amama ankamanga ndalama pa nsonga ya chitenje, n'kuyenda mpaka ku kantemba kaja, n'kubwera ndi lisiti la chidindo cha buluu. Bana Bupe, neba wathu wa Chibemba, ankalijambula pa foni yawo n'kunditumizira. Ine ndinkayankha kuti mwachita bwino amama. Lisitilo sindinalikulitsepo ndi zala kuti ndiliwerenge.

Pali foni imodzi imene ndikanakonda kuifufuta m'moyo wanga. Munali mu Januwale, m'chaka chachinayi. Tsikulo agogo aja anali atandilavulira phala kumaso, mmisiri anali atandiuza kuti simenti yakwera, ndipo mutu unali wotentha. Amama anaimba n'kunena mozungulira, monga amachitira akuluakulu akafuna kupempha mwana.

"Ba Chanda akuti boma lakwezanso. Ndiye ndimati mwina ukanawonjezerako pang'ono, poti mankhwala nawonso..."

Sindinawadikire kuti amalize. "Amama, kuno ndalama sinditola pansi. Gawani yomweyo."

Amama anangoti, "Chabwino mwanawe. Ndigawa."

Sanapemphenso mpaka kalekale. Ndikawafunsa kuti mankhwala mukumwa, ankati ndikumwa. Amama sanama, ndipo apanso sananame.

Chipinda chinatha m'chaka chachisanu. Bana Bupe ananditumizira chithunzi, amama ataima pakati pa matailosi oyera, dzanja lili pa sinki, atavala diresi la kutchalitchi. Ndinaona matailosi, ndinaona sinki, ndinawerenga ngakhale mizere ya sefa ya pawindo. Sindinaone kuti diresi limene linkawathina ndikuchoka tsopano linali lende. Ndinati nditsale chaka chimodzi chokha cha makina. Makinawo ndinagula, aakulu, a chitsulo chosachita dzimbiri, n'kuwatumiza pa thiraki. Anafika sabata imodzi ine ndisanafike.

Foni ya bana Bupe inandipeza masana ndikuyanika zovala za agogo. "Esnart, bwela. Bamai bako bagwa pa pompi. Bakali kupuma, koma sibakamba."

Pa boda anandidindira chidindo choti ndisabwererenso, ndipo sindinamve kanthu. Kalingalinga ndinamupeza atasintha, tala mpaka pafupi ndi kwathu, mashopu a magalasi pamene kale panali okhoma mipando. Amama ndinawapeza m'chipatala. Mbali yonse ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka. Adokotala anati ndi sitiroko, n'kundifunsa ngati ankamwa mankhwala awo mwandondomeko. Ndinayankha molimba mtima kuti inde, ndinkatumiza ndalama mwezi uliwonse. Anandiyang'ana, n'kulemba zina pa kadi.

Titawatulutsa, chinthu choyamba chimene amama anachita pofika kunyumba ndi kuloza pansi pa bedi ndi dzanja lawo lamanzere. Ndinatulutsako chitini cha mabisiketi. M'katimo munali malisiti onse a ba Chanda, osanjidwa mwezi ndi mwezi, chaka chilichonse chomangidwa ndi mphira wake. Amene anakwinyika anali atawasita ndi ayironi. Amama anandiyang'ana ndi diso lonyada, theka la pakamwa likuyesa kumwetulira. Pansi pa malisitiwo panali kapepala ka mapilisi oduladula pakati, ndi kalezala.

Ndinapita nako kalezalako kwa bana Bupe. Anandikhazika pa kampando, napukuta manja pa chitenje nthawi yaitali.

"Benze kudula pakati, mwana wanga. Pilisi imozi masiku yabili. Pa lasiti apa benze kujumphisa na masiku. Nikabauza ati mayo gulani mankhwala, msonkho muzalipila mawa, benze kukamba ati iyo ni ya Esnart, siningagwileko."

"Nanga inu osandiuza bwanji?"

"Bananilesa. Ati mwana avutika kuchalo cha bene, osamuikila vina pamutu." Anandiyang'ana m'maso. "Elo naiwe wenze kufunsa chabe va matailosi."

Ndinafuna kuwatukwana, koma ankanena zoona.

Sabata yotsatira ndinachita chimene ndinkayenera kuchita zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinanyamula chitini chija, satifiketi, chitupa cha amama ndi kalata ya kuchipatala, n'kupita ndekha ku ofesi ya msonkho. Ndinkafuna kudziwa ngati patsala ngongole, ndi mmene ndingachotsere katunduyu pamutu pa amama. Mzere unali wautali, koma palibe amene anandiluma. Pa windo ndinapeza mtsikana wamng'ono kwa ine, wa tsitsi loluka. Analemba tipini yathu, n'kuyang'ana pa kompyuta.

"Pano palibe nkhongole, mami. Mwezi na mwezi benze kutumiza nilu."

"Nilu ndi chiyani?"

"Ni kuuza boma kuti mwezi uno sininagulise kanthu. Bizinesi ikaima, ufunika chabe kutumiza nilu pa nthawi yake kuti usapasiwe chilango. Msonkho uyu ulipiliwa pa vamene wagulisa. Ngati sunagulise, palibe vamene ulipila."

Ndinatsegula chitini n'kuika malisiti pa kauntala. "Nanga awa?"

Anatenga limodzi, analitembenuza, anatenga lina. Nkhope yake inasintha. "Aya si yathu. Elo ndalama ya msonkho siipita mu manja mwa munthu, ipita ku banki olo pa foni, mu dzina ya mwine wa tipini." Anatsitsa mawu. "Ni bandani benze kulipila?"

"Amama."

"Kuchokela liti?"

Ndinangoloza mitolo ya mphira ija, inayi ndi theka. Mtsikanayo anaitana bwana wake, anandilowetsa m'kati, anandipatsa madzi. Anandifotokozera modekha kuti yolipira yeniyeni inali ya pachaka yosungitsa dzina ku ofesi yolembetsa mabizinesi, kandalama kosafika ngakhale pa mtengo wa thumba la makala, ndipo kameneko ba Chanda ankakalipira kuti tisadzidzimuke. Anati tikanafuna tikanangolemba kalata yoti bizinesi yaima kaye. Kenako anasintha pasiwedi, n'kundionetsa pa foni yanga yomwe katumizidwe ka nilu. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Zinatenga mphindi ziwiri, ndipo sanandilipiritse ngwee.

Mphindi ziwiri. Ndinali ndi foni yomweyo ku Joni, m'thumba la yunifolomu, tsiku lililonse.

Ba Chanda ndinawapeza pa kantemba komwe kaja, malaya oyera omwe aja, kompyuta zitakhala zitatu. Atandiona anaimirira kuti andipatse mpando. Ndinathira malisiti onse pa thebulo lawo, anthu akuona.

"Amama ali gone, sakuyenda, sakulankhula. Ndalama ya mapilisi awo munkadya ndinu."

Sanachite manyazi, anangokhala ngati ndawalakwira. "Sisi, ine nenze kugwila nchito. Iyo yenze ya sevisi. Va mapilisi ine sinenze kuziba. Manje niuzeni, dzina ilipo olo kulibe?"

Ndinatola malisiti aja limodzilimodzi, poti amama anawasita. Nkhaniyi ndinakaitula koyenera ndipo ikuyenda, enanso a m'komboni atulukira ndi zitini zawo. Koma kunena zoona ndilibe nayo mtima. Ngakhale atabweza zonse mpaka ngwee yomaliza, dzanja la amama silidzagwiranso lichero. Ndipo ndikagona pansi n'kuyamba kufunafuna wolakwa, ndimayambira pa ba Chanda koma sindithera pamenepo. Amene anawatengera amama ku kantemba kaja ndine. Amene anati chilichonse chimene anena muzichita ndine. Amene anati gawani yomweyo ndine.

Ndinkaganiza kuti kunyumba ndi kumalo kumene zinthu zimangokhala, kukudikira mmene unazisiyira. Sindinkadziwa kuti chilichonse chimene wasiya pali munthu amene akuchisenza, ndipo akakhala mayi ako sakuuza kuti chikulemera.

Lero amama amagona m'chipinda cha matailosi. Ndi chokhacho chimene chili ndi sinki pafupi, pansi pake sipavuta kukolopa, ndipo sefa ya pawindo imatchinga udzudzu. A zaumoyo sindinawaitane, poti yankho lawo ndikulidziwa kale, ndipo ndi loona: mogona munthu simupangidwa chakudya chogulitsa. Makina aakulu aja akadali m'bokosi lake kuchipinda kwanga, ndimaikapo beseni la zovala. Anthu awiri abwera kudzawafunsa mtengo. Ndimati ndiganize kaye. Pakali pano ndimachapa ndi kusita zovala za ana a sukulu a ku yunivesite, ntchito yoti ndizigwira ndili pakhomo.

Choonadi sindinawauze amama, ndipo sindidzawauza. Iwo akudziwa kuti anasunga dzina la mwana wawo zaka zonsezi popanda kudumphitsa mwezi, ndipo chimenecho sindingawalande. Mawu abwerera ochepa, mwina khumi. Koma mwezi ukangoyamba amadziwa okha, kaya amawerenga bwanji. Amayamba kufunafuna nsonga ya chitenje ndi dzanja lamanzere, n'kundikoka siketi.

"Nkho... msonkho."

"Ndalipira kale, amama."

Ndimakhala pa bedi pambali pawo, n'kutumiza nilu iwo akuona, n'kuwaonetsa uthenga wobwera pa foni. Amauyang'ana nthawi yaitali ngakhale sadziwa kuwerenga Chizungu.

"Dzina?"

"Lilipo."

Akatero amatsamira pilo, mtima pansi. Ndinawagulira kabokosi ka tizipinda tisanu ndi tiwiri, kofanana ndi ka agogo a ku Joni. M'mawa uliwonse ndimatsegula kachipinda ka tsikulo n'kuwaika pilisi m'dzanja. Ndipo m'mawa uliwonse, asanalifikitse pakamwa, chala chawo chachikulu chimayamba kulikanikiza pakati kuti lithyoke.

"Lonse, amama," ndimatero. "Imwani lonse. Ena alipo."

Amandiyang'ana ngati sakukhulupirira, kenako amameza. Ine ndimaima pomwepo mpaka atatsegula dzanja kuti ndione.